Likodzo ndi Mzere wa Kuchikazi: Zimene DNA ya Nyongolotsi Ikutiuza

M'gawo la sayansi la kalata ino tikambirana za likodzo. Dzinali tonse tinalimva tili aang'ono, ndipo ambiri timaliona ngati matenda a kumudzi kapena a kunyanja, osatikhudza ife a ku Naperi. Koma kafukufuku amene anachitika m'sukulu za pulayimale za m'boma la Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 alionse anali ndi likodzo la m'chikhodzodzo. Kuwonjezera apo, mabanja ambiri a pasukulu pano kwawo ndi ku Mangochi, Machinga, Salima, Nkhotakota kapena ku chigwa cha Shire, ndipo ana amapitako pa tchuthi n'kukasamba kunyanja ndi kumitsinje. Bungwe la WHO linanena kuti mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni ankafunika mankhwala a likodzo, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo ali mu Africa muno.

Phunziro lathu lilowera pa khomo limene ophunzira akulidziwa kale. M'kalasi la Biology timaloweza kuti mitokondiria ndi tizigawo ta selo timene timatulutsa mphamvu, ndipo ambiri timalekera pomwepo. Lero tiona kuti mitokondiria imasunganso mbiri. Powerenga DNA ya m'mitokondiria ya nyongolotsi za likodzo, asayansi atha kutsata kumene nyongolotsizi zinachokera, ndipo atulukira kuti kuno ku Malawi nyongolotsi za anthu zikuberekana ndi nyongolotsi za ziweto.

Timudziwe kaye mdaniyu

Likodzo limayamba ndi nyongolotsi za m'gulu la nyongolotsi zophwatalala. M'gulu lomweli muli zija zooneka ngati tsamba zimene opha ng'ombe amazipeza m'chiwindi, zotchedwa Fasciola, ndi zija zazitali ngati lamba zimene munthu amazitenga akadya nyama ya ng'ombe yosapsa bwino, zotchedwa Taenia saginata. Za likodzo dzina lake ndi Schistosoma. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anayamba kuziona mu 1851 ku Cairo, n'chifukwa chake achipatala matendawa amawatchanso bilharzia. Matendawo ndi akalekale: mu 1910 Marc Armand Ruffer anapeza mazira a nyongolotsizi mu impso za mitembo youmikidwa ya ku Egypt ya zaka pafupifupi 3,000 zapitazo.

Ku Malawi mitundu imene imavutitsa anthu ilipo iwiri. Schistosoma haematobium imakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo. Mazira ake amatuluka ndi mkodzo, ndipo ndi amene amachititsa munthu kukodza magazi. Schistosoma mansoni imakhala m'mitsempha ya m'matumbo. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo amene atsalira m'thupi amawononga chiwindi ndi kutupitsa kapamba. Pa maikulosikopu mazira a mitundu iwiriyi savuta kusiyanitsa: la haematobium lili ndi kamunga kumapeto, la mansoni lili ndi kamunga m'mbali.

Dzira likagwera m'madzi limaswa kamwana kosambira kotchedwa miracidium, kamene kamafunafuna nkhono yoyenera. Haematobium imafuna nkhono za mtundu wa Bulinus, mansoni imafuna za mtundu wa Biomphalaria. M'nkhonomo kamwanako kamachulukana, ndipo pakatha masabata angapo mumatuluka tizilombo tamichira masauzande, totchedwa cercaria, timene timaboola khungu la munthu amene ali m'madzi. Munthu safunika kumwa madziwo kuti adwale, kuimamo n'kokwanira.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchigwira pa phunziro lonseli. Nyongolotsi zambiri zophwatalala zimakhala ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi m'thupi limodzi, koma za likodzo zili ndi yaimuna payokha ndi yaikazi payokha. Yaimuna ili ndi ngalande m'mimba mwake, m'mene imanyamuliramo yaikazi, ndipo awiriwa amakhala choncho m'mitsempha yathu kwa zaka zingapo, yaikazi ikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Choncho dzira lililonse lili ndi mayi ndi bambo. Funso limene likubwera kutsogoloku ndi lakuti: mayiyo ndi bamboyo amakhala a mtundu umodzi nthawi zonse?

DNA iwiri m'selo limodzi

DNA ndi malangizo a kapangidwe ka chamoyo, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Gawo la DNA limene lili ndi malangizo a ntchito imodzi timalitcha jini. DNA yochuluka imakhala mu nyukiliyasi: mwa munthu muli zilembo pafupifupi 3 biliyoni, mwa nyongolotsi ya likodzo pafupifupi 400 miliyoni. DNA imeneyi theka limachokera kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo mbadwo uliwonse imasakanikirana.

Mitokondiria ili ndi DNA yakeyake, yaing'ono kwambiri, yozungulira ngati chibangili. Asayansi amafotokoza kuti mitokondiria inachokera ku mabakiteriya amene kalekale anayamba kukhala m'kati mwa maselo ena, ndipo DNA yozungulirayi ndi chimodzi mwa zizindikiro zake, pakuti ya mabakiteriya ambiri ndi yozungulira chimodzimodzi. Ya munthu inawerengedwa yonse mu 1981 ku Cambridge, ndipo ili ndi zilembo 16,569.

Kachibangili kameneka ofufuza amakakonda pa zifukwa zitatu. Choyamba, m'selo limodzi timakhalamo tambirimbiri, choncho ngakhale m'dzira limodzi la nyongolotsi, losaoneka ndi maso, mumapezeka DNA yokwanira kuwerenga. Chachiwiri, zilembo zake zimasintha mofulumirako poyerekeza ndi za majini ambiri a mu nyukiliyasi, choncho mitundu yoyandikana imasiyanitsika. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, mitokondiria mwana amaitenga kwa mayi yekha.

Apa ife Amalawi sitifunika kufotokozeredwa zambiri. Kwa Achewa ndi Ayao mwana amawerengedwa kuchikazi. Mwamuna ndi wa mzere wa mayi ake, koma ana ake ndi a mzere wa mkazi wake. Amene amapitiriza mzere wa kwawo ndi alongo ake ndi ana aakazi a alongo akewo. Mitokondiria imayenda chimodzimodzi. Mnyamata ali ndi mitokondiria ya mayi ake koma sadzapatsira ana ake. Mlongo wake ndiye adzapatsire. Zilinso choncho kwa nyongolotsi za likodzo. DNA ya m'mitokondiria imadutsa kwa agogo aakazi, kwa mayi, kwa mwana wamkazi, osasakanikirana ndi ya kuchimuna. Chilembo chikasintha mwangozi mwa mayi mmodzi, zidzukulu zake zonse za kuchikazi zimanyamula chizindikirocho.

Chibangili cha mikanda 36

Tiyerekeze kuti jini iliyonse ndi mkanda pa chibangilicho. Cha munthu chili ndi mikanda 37: majini 13 opangira mapuloteni, 22 otchedwa tRNA ndi 2 otchedwa rRNA. Cha nyongolotsi ya likodzo chili ndi mikanda 36. Ma tRNA ndi 22 omwewo, ma rRNA ndi 2 omwewo, koma majini a mapuloteni ndi 12. Jini yosowayo ndi atp8, ndipo sipezekanso mwa Fasciola ndi mwa Taenia. Nyongolotsi zonsezi zikasowa mkanda umodzi womwewo, tanthauzo losavuta ndi lakuti unatayika kamodzi mwa kholo lawo limodzi, ndipo zonse zinabadwa utatayika kale.

Pali kusiyana kwina. DNA ili ndi zingwe ziwiri zopotana. Mwa munthu majini ena a m'mitokondiria amawerengedwa pa chingwe chimodzi, ena pa chinacho. Mwa nyongolotsizi majini onse 36 ali pa chingwe chimodzi ndipo amawerengedwa molowera mbali imodzi.

Ngakhale kamasuliridwe ka zilembo n'kosiyana. Selo limawerenga DNA zilembo zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimaimira amino acid mmodzi, amene ali ngati njerwa yomangira puloteni. Mwa ife zilembo AAA zimaimira njerwa yotchedwa lysine. M'mitokondiria ya nyongolotsi zophwatalala AAA amaimira asparagine. Wofufuza akaiwala zimenezi n'kuwerenga DNA ya nyongolotsi ndi tebulo la munthu, kompyuta imamupatsa puloteni yolakwika.

Majini onse 36 amatenga zilembo pafupifupi 14,000. Palinso chigawo china chopanda majini, m'mene zilembo zomwezo zimabwerezedwa kambirimbiri. Chigawochi chimatalika mosiyanasiyana, ndipo makina atsopano owerenga DNA asonyeza kuti mwa haematobium n'chachitali kuposa mmene ofufuza oyamba ankaonera.

Mikanda itasinthana malo

Kusintha kwa chilembo chimodzi kumachitika kawirikawiri, ndipo nthawi zina chilembo chomwecho chimasintha mofanana mwa zamoyo ziwiri zosagwirizana. Koma kuti mikanda yathunthu ichoke pamalo pake n'kukakhala pena, zimachitika patalipatali. N'chifukwa chake dongosolo la majini pa chibangili ndi umboni wamphamvu wa chibale.

Mu 2000 Thanh Hoa Le, David Blair, Donald McManus ndi anzawo anasindikiza zimene anapeza atayerekeza zibangili za nyongolotsi zophwatalala zingapo. Anapeza chodabwitsa. Schistosoma japonicum, imene imavutitsa anthu ku China ndi ku Philippines, ndi Schistosoma mekongi ya mumtsinje wa Mekong, majini awo a mapuloteni ali m'dongosolo lofanana ndi la Fasciola ndiponso la nyongolotsi zonga lamba. Koma mansoni ya ku Africa ili ndi dongosolo lina. Ndiye kuti pa nkhani ya dongosolo lokha, japonicum ikufanana kwambiri ndi achibale akutali kusiyana ndi mansoni, mbale wake weniweni.

Kusinthako kuli motere. M'dongosolo lakale, pambuyo pa jini ya nad4 pamabwera atp6 ndi nad2, kenako nad1 ndi nad3, kenako cox1. Mwa mansoni, atp6 ndi nad2 anasamuka limodzi n'kukakhala kutsogolo, pakati pa nad6 ndi nad5, ndipo nad1 ndi nad3 anasinthana malo. Mu 2006 gulu la Tim Littlewood wa ku Natural History Museum ku London linawerenga chibangili chonse cha haematobium ndi cha Schistosoma spindale, ya ng'ombe za ku India ndi maiko oyandikana nawo. Zonse ziwiri zinapezeka ndi dongosolo latsopanoli, lofanana ndi la mansoni.

Tiganize ngati ofufuza. Dongosolo limene likupezeka mwa Fasciola, mwa nyongolotsi zonga lamba ndi mwa japonicum liyenera kuti ndilo loyamba, chifukwa likupezeka m'nthambi zambiri zotalikirana. Dongosolo la mansoni, haematobium ndi spindale linabwera pambuyo, kamodzi kokha, mwa mayi mmodzi amene mitundu itatuyi inachokerako. Popeza mitundu ya Schistosoma imene yasunga dongosolo lakale ili ku Asia, asayansi ambiri amaona kuti banja lonseli linayambira ku Asia, n'kudzafika ku Africa m'matupi a nyama zoyamwitsa, kalekale anthu asanayambe kuweta ziweto. Litafika kuno linagawikana: nthambi ina inatulutsa mansoni, ina inatulutsa haematobium pamodzi ndi achibale ake apafupi a m'ziweto, Schistosoma bovis ndi Schistosoma mattheei. Maina awiri omalizawa tiwasunge, tikumana nawonso ku Mangochi.

Jini imodzi ngati chiphaso

Kuwerenga chibangili chonse kumadya ndalama ndi nthawi, choncho pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ofufuza amawerenga kachigawo ka jini imodzi, cox1. Amasefa mkodzo, amatenga dzira kapena kamwana koswedwa kumene, amakaumitsa pa kakhadi kosungira DNA, kenako ku labotale amawerenga zilembo mazana angapo za cox1 n'kuziyerekeza ndi za mitundu yodziwika kale. Zili ngati kuona chiphaso cha nyongolotsiyo, koma chiphaso cholembedwa dzina la kuchikazi lokha.

Njirayi yaonetsa kuti mitundu yathu iwiri ija mbiri zawo n'zosiyana kwambiri. Mu 2012 Bonnie Webster ndi anzake anawerenga cox1 ya haematobium yochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Anapeza kusiyana kochepa modabwitsa. Mzere umodzi, umene anautcha H1, unapezeka ponseponse kumtunda kwa Africa, pamene gulu lachiwiri linapezeka makamaka m'zilumba za m'nyanja ya Indian Ocean, monga Zanzibar ndi Madagascar, ndi m'mbali mwa nyanjayo. Mzere umodzi ukafalikira dera lalikulu chotere usanasinthe kwenikweni, zikusonyeza kuti unafalikira posachedwapa, tikayerekeza ndi msinkhu wa banja lonselo.

Mansoni ndi yosiyana. Ili ndi mizere yambirimbiri, ndipo yochuluka ili kummawa kwa Africa, chizindikiro chakuti yakhalako nthawi yaitali. Mansoni ilinso ku Brazil ndi kuzilumba zina za Caribbean, ndipo DNA ya kumeneko ikugwirizana ndi ya kumadzulo kwa Africa. Inawoloka nyanja ya Atlantic m'mitsempha ya anthu amene anagwidwa ukapolo, ndipo itafika inapeza nkhono za Biomphalaria zili komweko. Haematobium nayonso iyenera kuti inawoloka m'zombo zomwezo, koma kumeneko kulibe nkhono za Bulinus, choncho sinakhazikike. Mbiri ya ukapolo imene timaiphunzira mu History yalembedwanso m'maselo a nyongolotsi.

Mazira achilendo m'maboma a kumwera

Tsopano tibwere kwathu. Ofufuza akuyeza mkodzo wa ana m'maboma a Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje anaona mazira ena osaoneka ngati a haematobium wamba. Anali ndi kamunga kumapeto ndithu, koma anali otalikirapo ndi osiyana kaumbidwe. Mazira otere amafanana ndi a nyongolotsi za ziweto. Mattheei, mwachitsanzo, inalembedwa koyamba mu 1929 ku South Africa itapezeka mwa nkhosa, ndipo kwawo kwenikweni ndi m'mitsempha ya m'matumbo a ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nyama zakutchire. Nanga dzira lonelo likutani mu mkodzo wa mwana?

Kuti ayankhe anafunsa mboni ziwiri. Yoyamba ndi cox1 ya m'mitokondiria, imene imanena za kuchikazi kokha. Yachiwiri ndi kachigawo ka DNA ya mu nyukiliyasi kotchedwa ITS, kamene kamachokera kwa makolo onse awiri. Mboni ziwirizi zikanena zofanana, kuti haematobium ndi haematobium, nyongolotsiyo ndi ya mtundu umodzi. Koma cox1 ikanena mattheei, ITS n'kuonetsa haematobium kapena mitundu yonse iwiri, ndiye kuti penapake yaikazi ya mtundu wina inanyamulidwa ndi yaimuna ya mtundu wina, ndipo zinabereka. Alimi a chimanga mawu ake akuwadziwa: haibulidi.

Zotsatira zake zinatuluka mu 2019 m'magazini ya Emerging Infectious Diseases. Mwa ana a ku Malawi munapezeka mazira osakanikirana a haematobium ndi mattheei, komanso a haematobium ndi bovis. Kusakanikirana kotere kunali kutaonekapo kwina. Ku Senegal kunalembedwa mu 2009. Ku Corsica, chilumba cha dziko la France, anthu amene anasamba mumtsinje wa Cavu mu 2013 anadwala likodzo, ndipo DNA inasonyeza haematobium, bovis ndi zosakanikirana, zogwirizana ndi za ku Senegal.

Kuchokera mu 2021 panayamba kafukufuku wamkulu wotchedwa HUGS, wotsogoleredwa ndi Russell Stothard wa ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi Janelisa Musaya wa ku Malawi Liverpool Wellcome, bungwe limene lili pa chipatala cha Queen Elizabeth, pafupi ndi ife pompano. Ntchitoyi inachitikira ku Mangochi ndi ku Nsanje, ndipo inayeza anthu, nkhono ndi ziweto pamodzi. Ofufuza ankatola nkhono m'madooko, kuyeza ndowe, ndiponso kumangirira timakina ta GPS pa ng'ombe zina kuti aone malo amene zimamwera madzi. Anapeza kuti ng'ombe zambiri zili ndi mattheei, ndipo zimalowa m'madzi omwewo amene anthu amasambamo ndi kuchapiramo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iyi inafuna kudekha kotereko, nkhono zake zenizeni.

N'chifukwa chiyani izi zili zofunika? Njira yathu yaikulu yolimbana ndi likodzo la m'chikhodzodzo yakhala kupereka mankhwala kwa anthu, makamaka ana a sukulu, poganiza kuti haematobium imazungulira pakati pa munthu ndi nkhono basi. Ngati ziweto nazo zikuthira m'madzi mazira amene angathe kulowa mwa munthu, ndiye kuti mudzi wonse ungathe kumwa mankhwala koma madzi n'kukhalabe ndi tizilombo. Pamenepo achipatala, alangizi a ziweto ndi a zamadzi ayenera kugwirira ntchito limodzi.

Nyanja nayonso ikusintha. Nkhono ya Bulinus nyassanus, imene imakhala mumchenga pansi pa nyanja ya Malawi, inachuluka ku Cape Maclear, ndipo ofufuza Jay Stauffer ndi Henry Madsen anagwirizanitsa zimenezi ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha usodzi wopitirira muyezo. Mu 2017 nkhono za Biomphalaria zinapezeka m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo kuyeza kotsatira kunatsimikiza kuti ana a kumeneko ali ndi likodzo la m'matumbo, limene kale silinkayembekezeka m'derali.

Mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi

Pano tichenjere, pakuti mitokondiria imanena zoona koma sinena zonse. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti yaikazi ya bovis yabereka ndi yaimuna ya haematobium. Mwana wake wamkazi ali ndi mitokondiria ya bovis, ndipo DNA yake ya mu nyukiliyasi theka ndi ya bovis. Mwanayo akabereka ndi yaimuna ya haematobium, gawo la bovis limatsika kufika pa gawo limodzi mwa 4. Mbadwo wotsatira limafika pa limodzi mwa 8, kenako limodzi mwa 16. Pofika mbadwo wa 10 latsala limodzi mwa 1,024. Koma mitokondiria ikadali ya bovis yonse yathunthu, chifukwa yakhala ikudutsa kuchikazi osagawika.

Choncho wofufuza akapeza cox1 ya bovis mu mkodzo wa mwana, sangathamangire kunena kuti mwanayo watenga likodzo kwa ng'ombe chaka chino. Mwina chimene wapeza ndi dzina la agogo aakazi akalekale. Kafukufuku wa 2019 wa Roy Platt ndi anzake, amene anawerenga majini masauzande a mu nyukiliyasi mwa haematobium ya ku Niger ndi ya ku Zanzibar, anasonyeza zomwezi. Ya ku Niger inali ndi kachigawo kochepa ka DNA ya bovis, kochokera pa kusakanikirana kumene kunachitika mibadwo ya nyongolotsi yoposa 100 yapitayo, pamene ya ku Zanzibar inalibe.

N'chifukwa chake ofufuza a kuno sanalekere pa mkodzo wokha. Kuti tidziwe ngati kusakanikirana kukuchitika lero, pafunika kuona DNA ya mu nyukiliyasi, kuyeza ziweto zenizenizo ndi kuona zimene nkhono zikutulutsa. Ophunzira, phunziro ili n'lothandiza ngakhale kunja kwa Biology: umboni uliwonse uli ndi funso limene ungayankhe ndi limene sungayankhe, ndipo wophunzira wabwino amadziwa malire ake.

Zoti tichite ife

Kwa makolo: mwana akamakodza magazi, makamaka kumapeto kwa mkodzo, si chizindikiro cha kukula ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Ndi matenda, ndipo amachizika. Akawalekerera amachepetsa magazi m'thupi, amafooketsa mwana m'kalasi, amawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo pakapita zaka angathe kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. Mazira amathanso kukhazikika m'ziwalo zoberekera za akazi ndi za amuna omwe. Ana ambiri amene ali ndi likodzo saonetsa magazi ooneka ndi maso, choncho mwana amene wakhala akusamba kunyanja kapena kumtsinje pa tchuthi ndi bwino kukamuyezetsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa nyongolotsi zimayamba zakula kaye zisanaikire mazira.

Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo ndi omwewo amene akugwiritsidwa ntchito pa mitundu yonse imene tatchulayi. Achipatala amapereka molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu. A Unduna wa Zaumoyo akabwera kudzagawa m'sukulu, tiwalole ana kumwa, ndipo adye kaye chakudya chokwanira kuti asamve chizungulire kapena kupotokola m'mimba. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zazikulu zimene zili m'thupi, koma sateteza munthu akalowanso m'madzi omwewo. Mankhwala a ziweto ndi a ziweto; munthu asamwe.

Kwa a komiti ya mzikiti ndi aphunzitsi a madrasa: madzi a wudhu ndi nkhani ya umoyonso. Madzi a pampopi ndi a pamjigo alibe vutoli. Koma mipopi ikauma, kapena tikakhala kwathu kunyanja, madzi otunga kumtsinje, kudambo kapena kudooko angathe kukhala ndi tizilombo ngakhale akuoneka oyera. Tizilombo ta cercaria sitikhala moyo nthawi yaitali tikasowa munthu, choncho madzi akasungidwa m'chidebe chopanda nkhono kwa masiku awiri athunthu, kapena akawiritsidwa, amakhala abwino kusamba ndi kupangira wudhu. Zimbudzi zokwanira pamzikiti ndi pamadrasa nazonso zimadula ulendo wa nyongolotsiyi, pakuti dzira limene silinafike m'madzi silingaswe.

Kwa amene tili ndi ziweto kumudzi: ngati n'kotheka, pomwera ng'ombe ndi mbuzi pakhale posiyana ndi posambira ana, ndipo alangizi a ziweto akayitana tiziwamvera.

Kwa ophunzira: sayansi imene takambiranayi sikuchitikira ku London ndi ku Liverpool kokha. Ikuchitikira ku Malawi Liverpool Wellcome ndi ku Kamuzu University of Health Sciences, mu mzinda wathu womwe uno, ndipo ena mwa amene akuitsogolera ndi Amalawi. Poyambira pake ndi Biology, Chemistry ndi masamu a m'kalasi mwanu.

Mafunso oti mukambirane m'magulu

1. Mnyamata ndi mlongo wake ali ndi mitokondiria yofanana. Fotokozani chifukwa chake ana a mnyamatayo sadzakhala nayo.

2. Jambulani zibangili ziwiri, china cha japonicum china cha mansoni, n'kusonyeza majini anayi amene anasuntha.

3. Dzira lina lapezeka ndi cox1 ya mattheei, ndipo ITS yake ikuonetsa mattheei ndi haematobium pamodzi. Dzira linanso lili ndi cox1 ya bovis koma ITS ya haematobium yokha. Ndi dzira liti limene likuoneka kuti kusakanikirana kwake n'kwaposachedwa? Perekani chifukwa.

4. N'chifukwa chiyani mansoni inakhazikika ku Brazil koma haematobium ayi?

5. Lembani malo atatu amene inu kapena abale anu mumakhudza madzi a kumtsinje kapena a kunyanja, ndi chimene mungasinthe pa malo alionse.

Mayankho a magulu aperekedwe kwa aphunzitsi a Biology, ndipo funso lachisanu mukalikambiranenso ndi makolo kunyumba tchuthi chisanayambe.